Mpikisano wa kuyankhula pagulu: chikho chipite kwa wothyola Chizungu kapena kwa wa mfundo?

Teremu ikangofika pakati, makalabu a mtsutso m'sukulu za sekondale za mu Zomba muno amayamba kutentha, ndipo sipapita nthawi timavidiyo timayamba kuzungulira pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Mwana wa Fomu 3 waima nji, yunifolomu yosita bwino, maiki kumanja, Chizungu chikutuluka m'mphuno. M'munsi mwa kavidiyoko tonse timathamangira kumutcha dolo, ena mpaka kumulonjeza upulezidenti. Koma tafunsani amene agawa kavidiyoko kuti mfundo ya mwanayo inali yoti chiyani. Ambiri angokuuzani kuti amayankhula bwino, basi. Funsaninso kuti anzake awiri a mu timu yake ali kuti. Wojambula anawadula kalekale.

Ine ndikuona kuti mpikisano wa matimu oyankhula pagulu ndi chimodzi mwa zinthu zotsika mtengo koma zaphindu kwambiri zomwe mzinda ungachitire achinyamata ake. Sufuna bwalo la mpira, sufuna jezi kapena nsapato. Umafuna kalasi, wotchi ndi anthu atatu ogamula mwachilungamo. Vuto ndi lakuti momwe timauonera komanso momwe timaombera m'manja, tikuusandutsa chionetsero cha katchulidwe ka Chingerezi. Tikapitiriza choncho tidzakhala ndi madolo a pa maiki ambirimbiri, koma osowa wofunsa khansala funso limodzi lomveka.

Momwe anzathu amauyendetsera

Tiyambe ndi mpikisano waukulu wa ana a sukulu pa dziko lonse, World Schools Debating Championships, womwe unayambira ku Australia mu 1988. Unachitikaponso kuno ku Africa, ku Johannesburg mu 2001 ndi ku Cape Town mu 2012. Dziko lililonse limatumiza timu imodzi ya anthu atatu mpaka asanu, koma pa mtsutso uliwonse oyankhula amakhala atatu. Aliyense amapatsidwa mphindi 8, kenako mbali iliyonse imatsendera ndi mawu a mphindi 4. Mphindi yoyamba ikangodutsa, wa timu inayo ali ndi ufulu woimirira n'kupempha kuponya funso, ndipo woyankhulayo amasankha kulola kapena kukana. Akamangokana onse, majaji amaona.

Mbali yoti muikire kumbuyo simusankha nokha, mumachita kupatsidwa. Mitu ina mumaidziwiratu kudakali milungu ingapo, koma ina mumapatsidwa kwatsala ola limodzi lokha. M'chipinda chokonzekeramo simulowa foni, simulowa intaneti, ngakhale mphunzitsi amene anakuphunzitsani salowa. Mumatsala nokhanokha ndi mapepala anu.

Kagawidwe ka malikisi nako n'kofunika kukamvetsa. Pa 100 aliwonse, 40 ndi a mfundo, 40 ndi a kayankhulidwe, 20 ndi a luso losanja mfundo ndi kudziwa kuti nkhani yagona pati. Ndiye kuti 60 amapita ku zomwe zili m'mutu. Ngakhale 40 a kayankhulidwe aja sakhala a munthu amene akumveka ngati wa ku London, chifukwa majaji amauzidwiratu kuti asachotsere munthu malikisi kaamba ka katchulidwe ka kwawo. Amayang'ana ngati ukumveka, ngati ukuyang'ana anthu, ngati sukungowerenga papepala.

Ku Britain ndi ku Ireland, a Rotary ali ndi mpikisano wawo wotchedwa Youth Speaks. Umenewunso ndi wa matimu a anthu atatu, ndipo mmodzi mwa atatuwo ntchito yake ndi ya wapampando: kutsegulira, kudziwitsa anzake kwa anthu, kuyendetsa nthawi ya mafunso. Taganizani, munthu kupatsidwa malikisi chifukwa chodziwa kuyendetsa msonkhano. Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa komiti ya chitukuko womwe unayamba 9 koloko n'kutha 3 koloko popanda chomangidwa akudziwa kuti luso limeneli likusowa.

Bwanji timu osati munthu payekha?

Munthu akamapikisana yekha, atha kuloweza zomwe aphunzitsi amulembera, n'kukazilakatula ngati ndakatulo, n'kutenga chikho. Mu timu zimenezo sizitheka. Woyamba yekha ndi amene angalowezeko pang'ono. Wachiwiri amayenera kuyankha zomwe a mbali inayo angonena kumene, ndipo wachitatu ntchito yake yonse ndi kuphwasula mfundo za anzakewo n'kuonetsa kuti zawo zaima bwanji. Ngati sunamvetsere, palibe choti unene. Choncho phunziro loyamba la mpikisanowu ndi kumvetsera, chinthu chomwe pa Facebook tinachitaya kale. Timayankha mutu wa nkhani tisanawerenge nkhaniyo.

Phunziro lachiwiri ndi loimira mbali yomwe sugwirizana nayo. Ena amati uku n'kuphunzitsa ana bodza. Ine ndikuti ayi. Mnyamata amene bambo ake ali ndi shopu, akapatsidwa ntchito yoikira kumbuyo mavenda, amakakamizika kufunsa kuti n'chifukwa chiyani mayi wogulitsa tomato amasiya benchi mumsika n'kukakhala m'mbali mwa msewu. Akamaliza atha kukhalabe ndi maganizo ake akale, koma sadzamutchulanso mayi uja kuti mbuli.

Lachitatu ndi loti kupambana ndi kwa onse, kugonjanso n'kwa onse. Dolo mmodzi sanganyamule timu ngati mnzake wachiwiri wanena zotsutsana ndi zomwe woyamba ananena. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo izi si zachilendo kwa ife. Pa unkhoswe sapita munthu mmodzi, pamakhala nkhoswe yaikulu ndi yaing'ono, ndipo amayamba apangana kuseri kuti uyu ayamba ndi ziti, uyu atsendera bwanji. Pabwalo la amfumu, wodandaula amanena zake, woyankha amanena zake, nduna zimafunsa, kenako chigamulo. Agogo athu ankadziwa mtsutso wa matimu wotchi isanabwere.

Nkhani ya Chizungu

Ndisanamizidwe kuti ndikudana ndi Chingerezi. Mwana wa ku Malawi kuno alibe kothawira. Ukalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE, satifiketi supata ngakhale maphunziro enawo utakhoza. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti wofuna kukhala phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Intavyu ya ntchito nayo ndi Chizungu chokhachokha. Choncho mphunzitsi amene akuumirira kuti ana ake apikisane m'Chingerezi sakulakwa, akuwakonzera njira.

Koma tiyeni tione chomwe chimachitika mpikisano ukakhala wa Chingerezi chokha, majaji n'kumatengeka ndi katchulidwe. Mwana amene anayamba kumva Chizungu ku nazale, kunyumba kuli TV ndi mabuku, amakhala atawina asanatsegule pakamwa. Mnzake wa ku CDSS, amene Chizungu amakumana nacho m'kalasi mokha, atha kukhala ndi mfundo yakuthwa kuposa onse, koma akangosokoneza "l" ndi "r" holo yonse ili gwedegwede ndi phwete. Sabata yotsatira sabweranso ku kalabu. Zikatero ndiye kuti tayeza matumba a makolo, nzeru za ana sitinaziyeze.

Chinanso n'chakuti nkhani zenizeni za mu mzinda muno sizikambidwa m'Chizungu. Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, wa komiti ya msika, wa madalaivala a minibasi ku depoti, maliro, kampeni, mapulogalamu oimba foni pa wailesi, zonsezi zimayenda m'Chichewa, kwina m'Chiyao ndi m'Chilomwe. Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo likulu lofufuza za ziyankhulo la University of Malawi, Centre for Language Studies, lili mommuno mu Zomba. Komabe ndi kangati munaona wachinyamata wophunzira akufotokoza bajeti ya khonsolo m'Chichewa chomveka kwa agogo ake, osathawira ku Chizungu pa mawu achitatu aliwonse? N'zovuta kuposa momwe timaganizira. M'Chizungu munthu atha kubisala kuseri kwa mawu akuluakulu. M'Chichewa ukanena zopanda mutu, aliyense mpaka wogulitsa mandazi pageti amadziwa kuti apa palibe chanenedwa.

Ndiye maganizo anga ndi akuti timu iliyonse izipikisana m'ziyankhulo zonse ziwiri, ndime ina m'Chingerezi, ina m'Chichewa, malikisi n'kuphatikiza. Wothyola Chizungu aphunzire kuyankhula ndi anthu akwawo, wa Chichewa chakupsa alimbe mtima pa Chizungu. Timu yochenjera idzafuna onse awiri.

Amafika pa holo ndani?

Mpikisanowu ndanena kuti ndi wotchipa, koma si waulere. Ana asanu ndi mphunzitsi wawo amafunika thiransipoti ndi nkhomaliro. Sukulu ya m'tauni ana amangoyenda wapansi. Sukulu ya ku Jali, ku Mayaka kapena ku Chingale, ndalama ya ulendo umodzi wokha ndi nkhani yoti ahedi akhalire pansi ndi komiti. Mapeto ake matimu omwe timawaona chaka ndi chaka amakhala omwewomwewo, ndiye timayamba kukhulupirira kuti nzeru zili m'sukulu zitatu kapena zinayi basi.

Njira yake si yovuta. Ndime zoyambirira zizichitikira m'madera, sukulu zoyandikana zokhazokha, kuti ulendo wa m'tauni ukhale wa ndime yomaliza. Amene akufuna kuthandiza ndi ndalama ayambe walipira thiransipoti ndi chakudya asanagule chikho chachikulu chojambulitsa. Chikho chimakakhala mu ofesi ya ahedi n'kumachita fumbi, pomwe ndalama ya minibasi imabweretsa timu yomwe ikanatsala.

Palinso nkhani ya atsikana. Kunyumba zambiri mtsikana amakula akuuzidwa kuti kuyankha akulu ndi mwano, kuyang'ana munthu m'maso ndi chipongwe. Akafika pa mpikisano tikumuuza kuti aime, ayang'ane majaji, atsutse mnyamata pamaso pa anthu. Ngati zokonzekera zimachitika madzulo ataweruka, iye amakhala akuthamangira kukatunga madzi ndi kuphika. Lamulo loti timu ya sukulu yosakaniza isakhale ya anyamata okhaokha lingathandize, koma pokhapokha ngati mtsikanayo akupatsidwa malo oyankhula enieni, osati kungokhala pa benchi kuti chithunzi chikongole. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma nthawi zina manyaziwo timachita kuwaphunzitsa tokha.

Nanga achinyamata amene sali pa sukulu? Wa kabaza, wometa, wogulitsa ma units, wosoka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinalipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali osakwana zaka 18. Si onsewa amene amafika ku sekondale. Mpikisano wa mzinda womwe ulibe khomo la makalabu a achinyamata a m'madera, a kumpingo ndi a kumzikiti, wasiya kunja anthu ambiri amene nkhani za mzindawo zimawakhudza tsiku ndi tsiku.

Mitu ichokere pakhomo

Ambiri amene tinadutsa ku sekondale tikuikumbukira mitu ija: mphunzitsi ndi dokotala wofunika ndani, moyo wa kumudzi ndi wa m'tauni wabwino ndi uti. Mitu yotereyi ndi yabwino pophunzitsira ana a Fomu 1 kuimirira, koma ilibe chofufuza. Aliyense amangonena za m'mutu mwake, ndipo wopambana amakhala wokuwa kwambiri.

Tiyerekeze mutu uwu: khonsolo ichotse mavenda onse m'misewu ya m'tauni. Woyamba wa mbali yovomereza ayenera kutiuza kuti akuti mavenda akunena ndani, awachotsa bwanji, apita kuti. Ayenera kupita kumsika kukawerenga ngati malo alipo okwanira. Wa mbali yotsutsa akumbutsa anthu kuti boma linayesapo kale zimenezi mu 2006 pa Operation Dongosolo, nthawi ya Bingu wa Mutharika, koma mavenda anabwereranso, ndiye afunsa kuti chasintha n'chiyani. Wachiwiri wovomereza abwera ndi nkhani ya ngozi, zinyalala ndi eni mashopu amene amalipira misonkho. Wotsutsa afunsa kuti ndalama ya chiphaso yomwe amatolera pamsika tsiku lililonse imagwira ntchito yanji. Pofika kwa achitatu, holo yonse yaphunzira za mzinda wawo zomwe sinkazidziwa m'mawa.

Mitu yotere ili mbwee. Kudula mitengo m'phiri la Zomba, komwe kuli damu la Mulunguzi lomwe timamwa. Kumanga nyumba m'mphepete mwa Likangala pambuyo pa zomwe chigawo chakummwera chinaona ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Malamulo a njinga zamoto za kabaza. Mitengo ya nyumba zomwe ophunzira amachita lendi ku Chikanda. Ndalama za chitukuko cha m'dera, za CDF, aziyendetsa ndani.

Ndipo zida zofufuzira zilipo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma, Access to Information Act, linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Timu ya ana a Fomu 3 itha kulemba kalata ku khonsolo kupempha ziwerengero zoti igwiritse ntchito pa mtsutso. Akayankhidwa, apeza mfundo. Akapanda kuyankhidwa, imeneyonso ndi mfundo yokanena pa maiki.

Chomwe chili pachiswe

Wina anena kuti aise, ndi masewera a ana a sukulu chabe awa, ukukulitsa nkhani. Taonani mbiri yathu. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana konkuno mpaka m'zaka za m'ma 1990. Mzinda uno unazolowera mitsutso ya anthu akuluakulu. Koma pa nkhani ya maboma aang'ono, dziko lino linakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka chisankho cha 2014. Zaka zonsezo, m'badwo wathunthu unakula osaona kuti khansala amafunsidwa bwanji. Mpaka lero ambiri mwa ife sitinapondepo pa msonkhano wa khonsolo, sitidziwa ngakhale dzina la khansala wa wodi yathu.

Kumtunda nako chitsanzo si chabwino kwenikweni. Pa mitsutso ya ofuna upulezidenti ya 2014, Joyce Banda, yemwe anali pampando, sanapite. Pa ya 2019, Peter Mutharika, yemwenso anali pampando, sanapite. Ndale zathu zimakonda msonkhano wa pabwalo, pomwe mmodzi amayankhula maola awiri, ena n'kumavina, popanda woimirira kuti bwana, ndili ndi funso. Wandale amathawa mtsutso akadziwa kuti ovota samulanga chifukwa chothawa. Ovota amene anakula akudziwa kuti mfundo imayenera kuyankhidwa ndi mfundo sangamusiye choncho. Mwana wa zaka 16 amene ali mu timu lero adzavota pa 18, ndipo pa 21 malamulo amamulola kuimira uphungu.

Pa intaneti napo pakufunika luso lomweli. Gawo 35 la malamulo aakulu limatipatsa ufulu wonena zakukhosi, koma kulinso lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe anthu amangidwapo nalo chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp. Lamulolo lili ndi mafunso ake, ndipo lokha ndi mutu wabwino wa mtsutso. Koma mu mpikisano mwana amaphunzira msanga kuti kutukwana mnzako kumakuchotsera malikisi, ndipo kunena chinthu chopanda umboni kumapatsa mbali inayo mpata wokugwetsa. Amaphunzira kumenya mfundo osati munthu. Bandulo yathu yambiri imathera pa kutukwanizana za mitundu ndi zipani chifukwa palibe anatiphunzitsa njira ina.

Pomwe tiyenera kusamala

Sindikunena kuti mpikisanowu ndi mankhwala a matenda onse. Pakamwa pokoma pamathanso kukhala pa tambwali. Tawaona anthu oyankhula mokoma akutigulitsa malonjezo, akutolera ndalama za mabanki a bodza, akutinamiza za ntchito zakunja. Mpikisano womwe umapereka malikisi pa kukoma kwa mawu kokha ukuphika atambwali a mawa. N'chifukwa chake majaji ndi amene ali mtima wa nkhani yonseyi. Asamangotengedwa chifukwa ndi mlendo wolemekezeka kapena chifukwa anakhalako kunja. Aphunzitsidwe kagawidwe ka malikisi, akhale atatu kuti pasakhale kufanana mphamvu, asagamule sukulu yawo yomwe, ndipo akamaliza afotokoze pamaso pa onse chifukwa chomwe timu iyi yapambanira. Timu yogonja ikapita kwawo isakudziwa chomwe yagonjera, imangoti atibera, ndipo chaka chamawa sibwera.

Kwinanso kosamala ndi kwa othandiza ndi ndalama. Wandale akagula chikho n'kulembapo dzina lake, kodi ana angatsutsane momasuka za momwe ndalama za chitukuko zikuyendera m'dera lakelo? Kampani ikalipira holo, kodi mutu wokhudza kampaniyo ungaloledwe? Thandizo tilandire, koma osankha mitu ndi majaji akhale ena, ndipo zimenezi zilembedwe poyera mpikisano usanayambe.

Mbali yathu ife a pafoni

Zambiri zomwe ndanenazi zili m'manja mwa aphunzitsi, a khonsolo ndi a mabungwe. Koma zina zili m'manja mwathu. Mukapita kukaonera, jambulani timu yonse, ndipo jambulani pomwe mwana akuyankha funso lomwe sanaliyembekezere, chifukwa luso lenileni limaonekera pamenepo. Mukamagawa kavidiyoko lembani mutu womwe amakambirana ndi mfundo yomwe yakugwirani mtima. Mwana akaphonya Chizungu musamusandutse choseketsa cha sabata yonse, pakuti anzake 100 amene akuonera aphunzirapo kuti kuimirira n'koopsa.

Inu amene munali madolo a mtsutso ku sekondale, pano muli ku Chanco, ku Domasi kapena mukungokhala kudikira ntchito, sukulu ya CDSS yomwe ili pafupi nanu mwina ilibe wophunzitsa timu. Loweruka limodzi pa mwezi ndi lokwanira kuyambira. Pitani mukaonane ndi ahedi, mutenge wotchi ya pafoni yanu ndi mutu umodzi wa m'dera lanulo. Ndipo tsiku la ndime yomaliza, okonza aitane makhansala ndi a meya, osati kudzayankhula, koma kudzakhala kutsogolo n'kumvetsera ana akukambirana za msika, za madzi ndi za misewu yawo kwa ola lathunthu. Akamaliza, ana aloledwe kuwaponyera funso limodzi limodzi.